Makatoni a Sopo a ku Limbe

Nkhani iyi sindinauzepo munthu. Mkazi wanga anamwalira osaidziwa, ndipo abusa amene akhala akundipatsa mgonero zaka zonsezi saidziwanso. Ndikuilemba tsopano chifukwa ntchito ndinapuma, ndipo palibenso chimene angandilande chimene ndikuchifunabe.

Kwa zaka khumi ndi zingapo ndinkaphunzitsa pa yunivesite ina mu Blantyre muno. Kosi yanga inali ya chaka chomaliza, ya mapatani a kamangidwe ka mapulogalamu a kompyuta. Kwa amene sadziwa, patani ndi njira yodziwika yothetsera vuto limene limabwerabwera munthu akamalemba pulogalamu. Ena analithetsa kale, njirayo n'kuipatsa dzina, iwe umangoitenga n'kuiyeza pa vuto lako, monga momwe telala amasungira pepala lodulira kolala kuti asamayambe kuganiza mwatsopano pa malaya aliwonse. Ndi nzeru yabwino. Koma ana amene ndinkawaphunzitsa anaisandutsa katekisimu.

Ambiri ankabwera ndi makompyuta a m'manja ogulidwa ndi makolo awo, ena akutsika m'magalimoto ochokera ku Naperi ndi ku Namiwawa, ndipo chimene ankafuna kwa ine chinali mayina basi. Amve dzina la patani, alilembe, aliloweze. Ukawapatsa ntchito yaing'ono yoti pulogalamu isanje mayina a anthu makumi awiri, ankakubweretsera chinyumba cha mapatani asanu ndi limodzi, zipinda zopanda makomo, masitepe opita kudenga kopanda kanthu. Funso lawo linali limodzi chaka ndi chaka: "Aphunzitsi, imeneyi ibwera pa mayeso?" Sindingawanene okha. Dipatimenti inatipatsa pepala lochongera lonena kuti patani iliyonse yotchulidwa dzina ndi malikisi asanu, ndipo ine ndinkachonga motero, ndikuwanyoza mumtima uku ndikuwapatsa malikisiwo.

Anzanga a pa ntchito nawonso sindinkawawerengera. Anali anyamata obwera ndi madigiri a kunja, Chingerezi chotulukira m'mphuno, oti sanalembepo pulogalamu imene munthu ankaidikirira lole ikulira panja. Iwo ankanditchula kuti madala a sukulu ya madzulo, poganiza kuti sindikumva. Koma ankadziwa kuti kalasi yanga inkadzaza, ndipo chodzazitsa chinali zitsanzo zanga. Pali patani ina imene mabuku amaitcha singotoni, yoonetsetsa kuti chinthu china m'pulogalamu chikhale chimodzi chokha, pasapezeke chinzake. Ine ndinkajambula pa bolodi kamunthu kataima pa khomo, n'kunena kuti, "Uyu ndi Mlonda. Ndandanda ndi umodzi, khomo lake ndi limodzi, mlonda wake ndi mmodzi. Aliyense wofuna kulemba kapena kuwerenga adzere kwa iyeyu." Patani ina ndinkaitcha Wofuula, kalaliki wa pa geti amene amafuula kamodzi lole ikalowa, onse amene anamupempha kuti aziwadziwitsa n'kumva nthawi imodzi. Ana ankaseka, ankamva, ndipo ena mpaka lero akandipeza m'tauni amandikumbutsa za Mlonda.

Zitsanzo zimenezo sizinali zanga.

Ine sukulu ndinayamba ndili ndi zaka khumi ndi zitatu, maondo osalowa pansi pa desiki, tiana tikunditchula kuti atate. Fomu 4 ndinamaliza kusukulu ya madzulo ndikuyandikira zaka makumi atatu. Nthawi imene zipani zambiri zinkabwera n'kuti ndili kalaliki wa pa geti pa holoselo ina ku Limbe, ya banja lachimwenye, imene inali ndi malole asanu ndi awiri operekera katundu m'maboma. Ntchito yanga inali kulemba lole imene yatuluka, dalaivala wake ndi kumene ikupita. Bwana atagula kompyuta analemba ntchito munthu wina wa ku Mbayani kuti apange pulogalamu yosunga ndandanda wa malolewo. Makolo a munthuyo anachokera ku Mozambique kalekale. Analibe satifiketi ina iliyonse ya makompyuta, anangophunzirira pa makina a mu ofesi ina imene ankasesamo kenako n'kumataipamo. Anali wamng'ono kwa ine ndi zaka ziwiri, koma ndinkamutchula kuti achimwene, ndipo m'nkhani ino ndimutchula choncho.

Achimwene sankayamba ndi makina. Ankang'amba katoni ya sopo, n'kutenga pensulo yophwatalala ya akalipentala imene inkakhala kukhutu kwawo, n'kujambula. Chigawo chilichonse cha pulogalamu ankachipatsa nkhope ya munthu wa pa holoselo pomwepo: Mlonda, Wofuula, Wogawa malole. Nthawi ya nkhomaliro tinkakhala pa matumba a mchere kuseri kwa sitolo, buledi ndi tiyi wa m'botolo pakati pathu, iwo akundionetsa mivi yochoka kwa kamunthu aka kupita kwa ako.

"Ukalephera kuijambula pa katoni, usakhudze makina," ankatero. "Makina sakana. Amalandira ngakhale zopusa."

Sanandilipiritse kanthu. Anangoona kuti ndimayang'anitsitsa akamagwira ntchito, tsiku lina n'kundisunthira mpando.

Lamulo lawo lalikulu linali la Mlonda lija: ndandanda wa malole ukhale pa kompyuta imodzi, ya pansi, ndipo aliyense wofuna lole adzere pamenepo. Kenako mwana wa bwana anabwera kuchokera kusukulu, bambo ake anamugulira kompyuta yake ku ofesi ya m'mwamba, ndipo mwanayo anayamba kudandaula kuti sangamatsike masitepe kuti angopereka lole. Achimwene anakana. Anati adikire mpaka makina awiriwo alumikizidwe ndi waya. Ine ndinaona mpata woonekera. Tsiku lina achimwene atatumidwa m'tauni ndinatenga disiketi, kachimbale konyamulira za m'kompyuta, ndinakopera pulogalamu yonse ndi ndandanda wake, n'kukaiika m'mwamba. Mwana wa bwana anandisisita paphewa. Alonda anakhala awiri, aliyense ndi ndandanda wake, osadziwana.

Zinayenda milungu iwiri. Lachisanu lina la mwezi wa Okutobala, makatoni a anapiye a tsiku limodzi anafika m'mawa, oyenera kupita kwa alimi a ku Mwanza. Kompyuta ya pansi inati lole yachitatu ilipo, ndiyo inyamule. Koma lole yachitatu inali itanyamuka mbandakucha ndi malata kupita ku Mulanje, poti kompyuta ya m'mwamba inaipereka dzulo lake. Malole ena onse anali kunja. Makatoni anaikidwa pabwalo, pa simenti, akudikira lole imene makina ankati ili pomwepo. Masana bwana ndi ana ake anatseka maofesi n'kupita ku mzikiti monga mwa Lachisanu lililonse, ndipo panalibe wina wa mphamvu zoti n'kubwereka galimoto kwina. Ine ndinali pa geti, ndipo ndinkamva kulira kwa anapiyewo. M'mawa kunali kogonthetsa m'khutu. Pofika 2 koloko kunali kwa apa ndi apo. Bwana pobwerako kunali zii.

Anatiimika pabwalopo, ine, achimwene ndi akapitawo. Mwana wake anaima pakhonde la m'mwamba manja ali m'matumba.

"Makina ako akuti lole ilipo," anatero bwana kwa achimwene. "Ndionetse. Ili kuti?"

Achimwene anayang'ana m'mwamba kumene kunali mwanayo, kenako anayang'ana ine. Sanachedwepo, mwina kupuma kuwiri. Ine ndinayang'ana makatoni.

"Pulogalamu ndi yanga, bwana," anatero. "Ndiye kuti kulakwa n'kwanga."

Achimwene anachotsedwa ntchito, anachoka madzulo omwewo ndi kajumbo kokhala ndi kapu yawo ndi juzi. Loweruka ndinakwera m'mwamba n'kufufuta zonse zimene ndinaikako. Lolemba ndinakhala pa mpando wawo. Makatoni awo a sopo, asanu ndi awiri, ndinawapeza kuseri kwa kabati, ndipo ndinapita nawo kwathu.

Patapita zaka ndinalowa yunivesite pa khomo la akuluakulu ogwira kale ntchito. Chaka chomaliza aliyense ankayenera kupereka pulojekiti yakeyake. Ine ndinapereka pulogalamu ya achimwene. Ndinasintha mayina a zigawo kuwaika m'Chingerezi, ndinalemba lipoti lokhuthala, ndinalimanga ndi chikuto chakuda. Ochonga anati sanaonepo ntchito yokhwima chotero kwa wophunzira, ndipo ndi pulojekiti imeneyo imene inachititsa kuti anditenge ngati wothandizira, kenako anditumize kukawonjezera maphunziro, kenako andipatse kalasi. Kumeneko ndi kumene ndinatsegula koyamba mabuku a mapatani, ndipo ndinapeza Mlonda ndi Wofuula alimo, ndi mayina ena, olembedwa ndi akatswiri a kutsidya kwa nyanja. Achimwene anazipeza okha atakhala pa thumba la mchere.

M'pulogalamumo munali kachinthu kamodzi kamene sindinkakamvetsa. Wogawa malole ankakana kupereka ulendo kwa dalaivala amene wangobwera ku ulendo wautali asanagone kwawo usiku umodzi. Bwana sanapemphepo zimenezo, ndipo ankakwiya nazo. Ndinayesa kukachotsa ndisanapereke pulojekiti, koma kanali kolukana ndi zigawo zina, ukakachotsa zina zinkagwa. Ndinakasiya.

Tsopano ndifike pa nkhani ya mayi wina. Chaka china, nditatsala pang'ono kupuma, m'kalasi mwanga munabwera wophunzira wamkulu, mayi wa zaka zopitirira makumi atatu. Ankachokera ku Mbayani wapansi, nsapato za m'kalasi zili m'chikwama, n'kumasinthira pa geti. Ankakhala kutsogolo ndipo sankafunsa za mayeso. Musaganize kuti ndinkamukonda. Ankandinyansa kuposa ana a ku Namiwawa aja, chifukwa ankagwira cholembera mwamphamvu ngati mmene ndinkagwirira ine, ngati wina amulanda. Tsiku lina anakweza mkono.

"Aphunzitsi, nanga vuto likakhala loti silikufuna patani, tiikemobe?"

"Ngati mukufuna kukhoza, mayi, ikanimo," ndinayankha, kalasi n'kuseka.

Pulojekiti yake inali pulogalamu yogawa maulendo a timalole tonyamula mchenga ndi njerwa ta gulu lina la kwawoko. Sindinali woyang'anira wake, choncho sindinaione mpaka tsiku limene mnzathu wina, dokotala wa za makompyuta wachinyamata wobwera kumene kuchokera kunja, analowa mu ofesi mwanga osagogoda. Chaka chimenecho iye anachititsa kuti mapulojekiti onse akale a mu laibulale alowetsedwe m'makina ofananitsa, ogwira okopera, ndipo ankayenda ndi makinawo ngati mlenje ndi galu watsopano.

"Madala, akuberani," anatero akumwetulira mpaka m'makutu. "Ndipo wakuba wake amakhala kutsogolo kwenikweni m'kalasi mwanu."

Anatembenuzira kompyuta yake kwa ine. Kumanzere kunali pulojekiti yanga ya chikuto chakuda ija, kumanja ya mayiyo. Chilankhulo cha makina chinali china, chatsopano, ndipo mizere yambiri inali yakeyake, koma mafupa anali amodzi. Khomo limodzi la ndandanda. Wofuula. Wogawa. Ndipo chapakati, chofiira mbali zonse ziwiri, panali kalamulo ka dalaivala amene sanagone.

"Onani ichi," anatero akugogoda ndi chala. "Zinazi munthu anganene kuti ndi mapatani, aliyense amatenga. Koma ichi? Mpaka chipsera chakopedwa. Ndiye muone chimene walemba kutsogolo."

Pa tsamba loyamba mayiyo analemba kuti chimango cha pulogalamuyo anamujambulira malume ake pa katoni ali mtsikana, ndipo zotsalazo analemba yekha.

"Malume okonza mafoni pa msika wa Mbayani," anatero dokotalayo. "Ndafufuza. Mawa atiuza kuti anailota."

Ndinaseka nawo. Ndikukumbukira bwino kuti ndinaseka.

Komiti inakhala Lachinayi masana mu ofesi ya mkulu wa dipatimenti, mayi wotopa amene ankangofuna kuti chaka chithe popanda nkhani yofika m'nyuzipepala. Tinalipo anayi: mkuluyo, dokotala, ine ngati wobedwa, ndi wophunzirayo atakhala pa mpando wa pulasitiki pafupi ndi chitseko, chikwama chili pamiyendo. Chilango cha kukopera pulojekiti yomaliza chinali kuchotsedwa sukulu, wopanda digiri, zaka zinayi zonse n'kupita.

Dokotala analankhula nthawi yaitali, theka m'Chingerezi, za ulemu wa maphunziro ndi mbiri ya yunivesite. Mayiyo anayankha mwachidule kuti pulojekiti yanga sanaionepo, sankadziwa n'komwe kuti ili mu laibulale, ndipo amene anamuthandiza anamutchula pa tsamba loyamba monga malamulo amanenera.

"Chabwino," anatero dokotala. "Tiyese chonchi. Wokopera amakopera chinthu osadziwa chifukwa chake. Madala, tauzeni komiti chifukwa chimene munaikira lamulo la dalaivalali. Kenako timve kwa mayiwa."

Ndinakonza tayi. Ndinanena m'Chingerezi chabwino kuti pulogalamu yolongosoka imayenera kutsimikiza kuti chinthu chili m'malo mwake isanachipereke, kuti ndi mfundo yodziwika ya kamangidwe, kuti dalaivala ndi chipangizo ngati lole yomwe. Anali mawu a m'buku, osalala, opanda kanthu mkati. Dokotala ankagwedeza mutu ngati akumva nyimbo.

"Nanga inu, mayi?"

"Bambo anga anali dalaivala," anatero, m'Chichewa. "Anafika m'mawa kuchokera kumpoto, masana omwewo anawatumanso ku chigwa. Anagona pa chiwongolero potsika phiri. Ine n'kuti ndili kumsana. Anandilera ndi malume, ndipo anandiuza kuti pulogalamu iliyonse ya magalimoto imene adzalembe izidzakana zimenezo, bwana afune asafune. Ndiye inenso ndinaikamo."

Zaka zoposa makumi awiri ndinanyamula kalamulo kameneko, ndinalandira nako digiri, ndipo chifukwa chake ndinachimva tsiku limenelo, kwa munthu amene tinkamuzenga mlandu.

"Nkhani yomvetsa chisoni," anatero dokotala. "Koma madeti ndi madeti. Ya madalawa inamangidwa chikuto mayiwa asanalote n'komwe za yunivesite."

Mkulu wa dipatimenti anapukuta magalasi ake. Anati kalata yoti wophunzirayo achotsedwe, yopita kwa akuluakulu a yunivesite, aisaina mawa lake 9 koloko m'mawa. Kenako anatembenukira kwa ine.

"Bambo, ntchito yobedwayi ndi yanu. Pali choti muwonjezere?"

"Palibe," ndinatero.

Nditaweruka ndinamupeza wophunzira uja pa siteji ya minibasi, ngakhale kuti iye minibasi sankakwera. Anali atavala kale nsapato zake zoyendera. Makondakitala ankaitanira za ku Limbe, ndipo iye anadikira mpaka imodzi itadzaza n'kuchoka.

"Aphunzitsi, malume anati ndikupatseni moni. Anandituma kalekale, chaka chitangoyamba, koma ndinkachita manyazi. Akuti munagwirapo ntchito limodzi ku Limbe."

"Ali bwanji?"

"Maso ndiwo akuvuta, shuga. Mafoni amakonzabe, koma tizitsulo ting'onoting'ono ndimawaonera ndine Loweruka."

"Ananenanso chiyani za ine?"

"Anati mumagwira zinthu msanga."

Ndinamuyang'ana kuti ndione ngati akundinyoza. Nkhope yake sinanene kanthu.

"Bwanji simunazinene m'komiti muja?"

"Akanati ndikukunamizirani kuti ndipulumuke. Ndipo malume za mlanduwu sindinawauze." Anakonza lamba wa chikwama paphewa. "Sindikukupemphani kanthu, aphunzitsi. Ndimangofuna mudziwe kuti moniwo ndapereka."

Anawoloka msewu n'kulowera njira ya ku Mbayani pakati pa anthu oweruka.

Ndinafika kwathu ku Kanjedza dzuwa lisanalowe. Ndinakoka sutikesi yachitsulo pansi pa bedi, ndinachotsa masatifiketi ndi zovala za malemu mkazi wanga, ndipo pansi penipeni panali makatoni asanu ndi awiri aja. Fungo la sopo linali litatha kalekale koma pensulo inali isanafufutike. Kamunthu ka pa khomo kanalipo, ndi chipewa chake chimene ine ndinkajambulanso pa bolodi osadziwa kuti ndikukopera ngakhale chipewa. Pa katoni yachinayi, pambali pa Wogawa malole, panali mawu a dzanja lawo lopendekera kumanzere: wagona kodi? Pakona ya katoni iliyonse analembapo tsiku, monga ankachitira nthawi zonse, ndipo masikuwo anali a zaka zambiri pulojekiti yanga isanamangidwe chikuto. Dokotala ankafuna madeti. Madeti anali m'manja mwanga.

Ndinadziwa chimene chikanachitika ndikanawaika pa tebulo la mkulu uja. Mayiyo akanapulumuka. Ine akanandilanda digiri yoyamba, ndipo zina zonse zinaima pa imeneyo. Dokotala akanayenda ndi nkhaniyo m'makonde onse, madala a sukulu ya madzulo agwidwa ndi makina ake. Ana onse amene ndinawalepheretsa chifukwa chokopera akanamva. Ndinaganizanso kuti yunivesite yake ndi iti yoti ndiigwadire, ya anthu ochonga mayina a mapatani ngati owerenga mbuzi, oti sangasiyanitse pulogalamu yamoyo ndi yakufa popanda makina owauza. Maganizo amenewo anandikomera kwambiri. Kunyoza kwandithandiza pa zambiri m'moyo wanga, ndipo tsiku limenelo kunabwera msanga ngati galu woitanidwa. Komabe makatoniwo ndinawapukuta fumbi, ndinawakulunga m'nyuzipepala, n'kuwaika m'chikwama cha ku ntchito.

M'mawa mwake ndinavala suti yakuda ya ku maliro. Ndinakwera minibasi chikwama ndachikumbatira pachifuwa, kondakitala n'kundifunsa ngati muli mazira. Ndinafika pa ofesi ya mkulu wa dipatimenti itangopitirira hafu pasiti eyiti. Dokotala anali kale momwemo, kalata ili pa tebulo, cholembera pambali pake. Ndinakhala pansi, chikwama pamaondo, dzanja langa lili pa zipi.

"Musasaine, mayi," ndinatero. "Wophunzira uja sanabe."

Onse awiri anandiyang'ana. Zipi ndinaitsegula mpaka pakati. Ndinaona m'mphepete mwa nyuzipepala, ndinaonanso pakamwa pa dokotala patayamba kale kutseguka, ndipo ndinamva mawu anga akutuluka osalala ngati a dzulo aja.

"Malume akewo ndawakumbukira. Tinali limodzi pa holoselo ina ku Limbe, kale kwambiri. Anali munthu wachidwi koma wosaphunzira, ndiye nthawi ya nkhomaliro ndinkamuphunzitsako. Pulogalamu yangayi ndinkamujambulira pa makatoni kuti amve. Zikuoneka kuti anaisunga m'mutu n'kudzaphunzitsa mwana wa mlongo wake. Mwina anafika poiyesa yake. Mayiyo walemba zimene anauzidwa."

"Nanga za bambo ake zija?" anafunsa dokotala.

"Nkhaniyo anandiuza nthawi imeneyo. N'chifukwa chake ndinaikamo lamulolo."

"Ndiye bwanji simunanene dzulo, madala?"

"Ukalamba, adokotala. Mudzauona."

Mkulu wa dipatimenti anapumira m'mwamba ngati munthu amene wamutula mtolo. Anatenga kalata ija n'kuiponya m'dirowa. Anati nkhani yatha bwino, ndipo ndi chitsanzo chokoma cha mmene nzeru za mphunzitsi zimafikira kutali, mpaka ku msika wa Mbayani. Anati wophunzirayo alandira digiri yake, koma akonze tsamba loyamba, achotsepo malumewo aikepo dzina langa ndi mutu wa pulojekiti yanga, poti gwero lenileni ndi limenelo. Anandisunthira pepala kuti ndilembe zimene ndanenazo ndi dzanja langa.

Ndinalemba, ndinasaina, ndinaika tsiku pakona. Kenako ndinatseka zipi, ndinanyamula chikwama, n'kupita kukalasi ya 10 koloko. Mayiyo anali atakhala kale pa malo ake a kutsogolo, cholembera chili m'manja. Ndinaika chikwamacho pansi pa tebulo, ndinatenga choko, ndipo ndinajambula pa bolodi kamunthu kataima pa khomo, ndi chipewa chake.